Kodi ndipume pantchito chaka chino, kapena ndidikire zaka 60?

Funso

Ndili ndi zaka 49 ndipo ndagwira ntchito yowerengera ndalama pakampani imodzi mumzinda wa Blantyre kwa zaka 22. Kuyambira kale ndimalakalaka kubwerera kwathu ku Thyolo kukaweta ng'ombe zamkaka ndi kudzala mitengo ya makadamiya pamunda umene malemu amayi anga anasiya, ngakhale kuti kumudziko sindinayambe chilichonse. Masiku ano ndimadzuka ndili wotopa kale, ndipo ntchito imene ndinkaikonda ikundilemera. Ndili ndi ana atatu, wotsiriza ali Fomu 2, ndipo mayi akunyumba akukayikira ganizo langali. M'thumba la penshoni muli pafupifupi K40 miliyoni. Kodi ndipume chaka chino, kapena ndipirire mpaka ndidzakwanitse zaka 60?

Yankho

Bambo, mwandipatsa njira ziwiri zoti ndisankhepo, koma sindikugwirizana ndi iliyonse mwa njirazi. Kupuma chaka chino n'kufulumira, chifukwa ku Thyolo kulibe ng'ombe ngakhale imodzi imene ikukamidwa m'dzina lanu, pamene kudikira mpaka zaka 60 n'kuchedwa, chifukwa ntchito imene mukuilakalakayo imafuna msana wolimba komanso zaka zingapo isanayambe kubweza ndalama. Monga ndikuonera, tsiku lanu lopuma lili pakati pa zaka 53 ndi 55, ndipo loyenera kulikhazikitsa ndi manambala amene inuyo, monga munthu wowerengera ndalama, mungathe kuwalemba papepala n'kuwakhulupirira monga mmene mumakhulupirira mabuku a kampani imene mukuigwirira ntchito.

Tiyambe ndi penshoni, popeza ndi imene ikukulimbitsani mtima. Kuchokera pamene lamulo la penshoni la 2011 linayamba kugwira ntchito, olemba anthu ntchito amasonkha ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro a wantchito, ndipo wantchitoyo amasonkha zosachepera 5 peresenti. Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawo limene munthu angatenge nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti, ndipo zotsalazo zimaperekedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Choncho K40 miliyoni imene mukuiona pachikalata chanu simudzaigwira yonse m'manja. Mudzagwira pafupifupi K20 miliyoni, ndipo K20 miliyoni inayo ndi imene iyenera kukudyetsani inu ndi mayi kwa zaka 25 kapena 30, chifukwa munthu amene wafika zaka 50 ali wathanzi ayenera kukonzekera ngati adzafika zaka 80. Dziwaninso kuti pamaso pa lamulo kusiya ntchito ndi kupuma pantchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zaka 22 zimene mwagwira pamalo amodzi zikhoza kukutsegulirani khomo lopuma musanafike msinkhu umene unalembedwa m'malamulo a thumba lanu, koma musalembe kalata iliyonse oyendetsa thumbalo asanakutsimikizireni zimenezi mwa kulemba. Ndalama ya severance musaiwerengere n'komwe, chifukwa imaperekedwa kwa amene achotsedwa ntchito pazifukwa monga kuchepetsa antchito, ndipo amene wachoka mwa kufuna kwake salandira.

Pemphani oyendetsa thumba lanu kuti akuwerengereni ndalama imene mungamalandire pamwezi mutapuma pa zaka 50, 53, 55 ndi 60, ndipo muyike manambala anayiwo pamzere umodzi. Mudzaona kuti kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa mmene mukuganizira, pazifukwa zimene zimagwira ntchito pamodzi. Zaka zomaliza ndi zimene malipiro amakhala okwera, motero 15 peresenti imene imalowa m'thumba mwezi uliwonse imakhala yochuluka kuposa kale. Phindu limene thumba limapanga pogula masheya ndi kubwereketsa boma limawerengeredwa pa ndalama zonse zimene mwasonkha, ndipo ndalamazo zimakhala zambiri kumapeto. Komanso kampani ya inshuwalansi imene ingalonjeze kukulipirani mwezi ndi mwezi mpaka imfa imachepetsa malipirowo ngati mwabwera muli wamng'ono, popeza ikudziwa kuti idzakulipirani kwa nthawi yaitali. Munthu wopuma msanga amataya mbali zonsezi nthawi imodzi.

Pamwamba pa izi pali mdani amene anthu ambiri opuma pantchito m'dziko muno amamuzindikira mochedwa, amene ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Zinthu zikamakwera motero, K100,000 imene sikusintha imagula chaka chamawa katundu amene lero ndi wa K77,000, ndipo pakatha zaka zitatu imagula wa K46,000 yokha. Munthu amene ali pantchito amakwezeredwako malipiro, ngakhale mochedwa ndiponso mosakwanira, pamene wopuma amene anasankha malipiro osasintha alibe bwana woti akamudandaulire. N'chifukwa chake pofunsa za malipiro a pamwezi muyenera kufunsanso ngati adzakwera chaka ndi chaka, ndi mochuluka bwanji, komanso chimene mayi adzalandire inu mukadzatsogola.

Tsopano za K20 miliyoni ija. Ndikudziwa kuti mumtima mwanu mwaigawa kale: khola, ng'ombe, mbande za makadamiya, kukonzetsa nyumba. Apa ndiye ndikutsutsani kwambiri, chifukwa ndalama ya penshoni si mpamba wophunzirira bizinesi. Aliyense amene wayamba ntchito yatsopano amalakwitsa m'zaka zoyambirira, ndipo kulakwitsako kuli ndi mtengo wake. Funso n'lakuti mtengowo ulipiridwa ndi ndalama iti. Ng'ombe ikafa muli pantchito, mumadandaula mwezi umodzi, malipiro n'kubwera, inu n'kuyambiranso. Ikafa mutapuma, yapita ndi gawo la ndalama imene sidzabweranso. Onjezanipo chinthu chimene tonse timachidziwa ngakhale sitikonda kuchinena poyera, chakuti mbiri ya munthu amene walandira penshoni imafika kumudzi iye asanafike, ndipo abale amene ali ndi mavuto enieni, a fizi, a matenda ndi a njala, amabwera motsatizana, moti munthu wamtima wabwino amatha kuona theka la ndalamayo litapita khola lisanafoleredwe. Ngongole yakubanki nayonso siingakupulumutseni mutapuma. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ngongole zambiri za m'mabanki zinali zodula kuposa pamenepo, ndipo mabanki amakhulupirira kwambiri munthu amene malipiro ake amalowa mwezi uliwonse kuposa mlimi amene wangoyamba kumene.

Malipiro anu alinso ndi mbali imene siioneka pa payslip. Ngati kampani imakulipirirani gawo la sikimu ya zachipatala, monga ya MASM kapena ina, dziwani kuti mukuganiza zoisiya pamsinkhu umene matenda a kuthamanga kwa magazi ndi shuga amayamba kuonekera, ndipo kudzilipirira nokha sikimu yoteroyo pamodzi ndi mayi ndi ana ndi mtolo wa mwezi uliwonse umene uyenera kulowa m'mawerengero anu. Lamulo la penshoni limakakamizanso olemba ntchito kugulira antchito awo inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi, ndipo chitetezo chimenechi chimatha tsiku limene mwatuluka pageti komaliza.

Za ng'ombe zamkaka, mwasankha dera loyenera. Nyengo yozizira ya Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje imayanjana ndi ng'ombe zamtunduwu, kuli magulu a alimi osonkhanitsa ndi kuziziritsa mkaka monga a ku Bvumbwe, pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo msika wa Blantyre uli pafupi. Koma walira mvula walira matope. Ng'ombe yamkaka imakamidwa kawiri patsiku, m'mawa kusanache ndi madzulo, popanda Lamlungu, Khirisimasi kapena tsiku la maliro. Imamwa malita 60 a madzi kapena kuposerapo patsiku, choncho funso loyamba pamunda wa malemu amayi anu ndi la madzi: ali kutali bwanji, ndipo mu October amakhalapo? Imakhala ndi bere miyezi isanu ndi inayi, imakamidwa pafupifupi miyezi khumi, kenako imapumitsidwa miyezi iwiri isanaberekenso, ndipo ikachedwa kutenga bere, miyezi yopanda mkaka imatalika pamene iyo ikudyabe tsiku lililonse. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba nsenjere zimauma, madeya amakwera mtengo, ndipo mlimi amene sanasunge udzu ndi mapesi amaona mkaka ukuchepa pamene ndalama zogulira chakudya zikukwera. Palinso matenda obwera ndi nkhupakupa ndi matenda a m'mawere, amene amatha kuwononga ng'ombe yodula m'masiku ochepa ngati wosamalira sanaone zizindikiro msanga. Zonsezi zimaphunzirika, ndipo alimi ambiri a kwanuko amene sanapite patali ndi sukulu amazidziwa bwino, koma zimaphunziridwa ndi manja, m'khola, kwa zaka ziwiri kapena zitatu.

Makadamiya ndi amene akundichititsa kukana zoti mudikire zaka 60. Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pakatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo umafika pobereka mokwanira pakatha zaka pafupifupi khumi. Mukadzala muli ndi zaka 50, mudzatola mtedza woyamba muli ndi zaka 54 kapena 55, ndipo munda udzakhwima mukufika zaka 60. Mukadzala muli ndi zaka 60, phindu lenileni mudzaliona muli ndi zaka 70. Ubwino wake n'ngwakuti mitengo siifuna kuti mwini wake agone pambali pake monga ng'ombe, motero mungathe kudzala mvula ikubwerayi muli pantchito. Musaike chiyembekezo chonse pa mbewu imodzi. Mtengo wogulitsira makadamiya pamsika wa dziko lonse lapansi unatsika kwambiri m'zaka za 2022 ndi 2023, alimi a nandolo sanaiwale mmene mtengo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo, ndipo anthu a ku Thyolo akukumbukira mmene matenda a chisaka anathetsera nthochi zimene zinkaphunzitsa ana ambiri. Namondwe Freddy mu March 2023 ndi chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, zinaonetsa kuti zaka ziwiri zotsatizana zikhoza kukhala zoipa, ndipo mawerengero anu ayenera kupirira zimenezo.

Pali nkhani imene mwaitchula mongodutsa koma ingathe kugwetsa dongosolo lonse, ndiyo ya munda. Mwati ndi umene amayi anu anasiya. M'madera ambiri a ku Thyolo malo amatsata mbumba, kutanthauza kuti alongo anu ndi ana awo ndi amene mwambo umawaona ngati eni ake enieni, pamene ana anu amawerengedwa kuchimake. Lero palibe amene angakuletseni kulimapo chimanga, koma khola la njerwa, chitsime ndi mitengo yokhala zaka makumi angapo ndi chuma chimene chimadzutsa mikangano mwini wake akamwalira, makamaka m'boma limene malo ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu lili m'minda ya tiyi. Musanadzale mbande imodzi, khalani pansi ndi alongo anu, amalume ndi anyakwawa, mugwirizane malire ndi chimene chidzachitike inu kulibe, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo oterewa kudzera m'makomiti a malo, ndipo a ku ofesi ya malo paboma angakuuzeni pamene ntchitoyi yafika m'dera lanu. Ngati abale akuzengereza, n'kwabwino kugula malo ena m'dzina lanu ndi la mayi, ngakhale akhale aang'ono.

N'kutheka kuti kukayika kwa mayi akunyumba kukuchokera pomwepa. Iwo akudziwa kuti mukadzatsogola, akhoza kupezeka ali mlendo pamudzi wa eni, atasiya mpingo, anzawo ndi njira zawo zopezera ndalama mumzinda. Afunseni modekha chimene akuopa, ndipo musawayankhe tsiku lomwelo. Ulimi wa mkaka umene mayi wapakhomo sanauvomereze suyenda, chifukwa tsiku limene inu mwadwala kapena mwapita ku maliro, ng'ombe ziyenera kukamidwabe. Za ana nazo n'zowerengeka: wa Fomu 2 watsala ndi zaka ziwiri kuti alembe mayeso a MSCE, ndipo akapita ku yunivesite ndi zaka zina zinayi kapena kuposerapo, kutanthauza kuti fizi idzakutsatirani mpaka zaka 55 kapena 56. Sikofunika kuti mudikire mpaka amalize, koma fizi ya zaka zotsalazo iyenera kukhala itasungidwa payokha musanapume.

Kutopa kwanu sindikukupeputsa. Munthu amene wakhala pampando umodzi zaka 22, akutseka mabuku mwezi ndi mwezi, ali ndi chifukwa chotopera. Koma yambani mwapita kuchipatala kukayezetsa magazi, shuga ndi mtima, chifukwa kudzuka wotopa nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda amene kusamukira kumudzi sikungachize. Kenako dzifunseni moona mtima ngati mwatopa ndi ntchito yowerengera ndalama, kapena ndi bwana wina, kapena ndi kusakwezedwa, popeza mavuto ena mwa amenewa amatha ndi kusintha dipatimenti kapena kampani, ndipo penshoni yanu imakutsatirani kulikonse kumene mwapita. Njira yabwino yodziyesera ndi kutenga tchuthi chanu chonse cha pachaka, osati pa Khirisimasi pamene kumudzi kuli chisangalalo ndi chakudya, koma mu October kapena mu February, n'kukagwira ntchito kwa mlimi wa mkaka wa m'dera lanu kuyambira kukama kwa m'mamawa mpaka kwa madzulo. Mukabwerako thupi likuwawa koma mtima ukufunabe kubwerera, ndiye kuti chimene mukuchilakalakacho ndi ulimi weniweniwo.

Zaka zinayi kapena zisanu zikubwerazi muzigwiritse ntchito motere. Thyolo ali pafupi ndi Blantyre moti mungathe kupita Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu, mwayi umene anzanu ochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje alibe. Chaka choyamba chikhale cha malo, madzi, nsenjere ndi mbande. Ng'ombe ibwere chakudya chake chitamera kale, ndipo muyambe ndi imodzi kapena ziwiri, mutalowa gulu la alimi a mkaka ndi kudziwana ndi alangizi a ziweto. Wantchito amene mudzamusiye pakhola mumulipire bwino ndi pa nthawi yake, chifukwa ulimi woyendetsa pafoni umagwa kawirikawiri pa munthu ameneyu. Mpamba wake uchokere m'malipiro anu, ndipo njira yake ndi iyi: oyendetsa thumba akakuuzani ndalama imene mungamalandire mutapuma, yesani kukhala ndi banja lanu pa ndalama yokhayo kuphatikizapo fizi kwa miyezi isanu ndi umodzi, yotsalayo muziika ku SACCO kapena kuakaunti imene simuikhudza. Mukakwanitsa, mwapeza mpamba ndipo mwatsimikiza kuti moyo wopuma mungauthe. Mukalephera mwezi wachitatu, mwadziwa zoona zake kalata yopumira isanalembedwe.

Lembani mabuku a khola monga mmene mumalembera a kampani, osaiwala kuwerengera mafuta a ulendo wa ku Thyolo, malipiro a wantchito, mankhwala, ndi mkaka umene wakanidwa chifukwa chosasa. Ine ndingakuuzeni kuti nthawi yakwana pamene mabukuwo aonetsa kuti kwa miyezi khumi ndi iwiri yotsatizana, kuphatikizapo chilimwe, phindu la pamunda lakwanira theka la zofunika pakhomo panu, pamene mulibe ngongole, nyumba ya kumudzi ili yofolera ndi yokhalika, pepala la malo lili m'manja, ndipo muli ndi ndalama yokwanira kudyetsa banja chaka chathunthu kunja kwa penshoni. Zimenezi zikakwanira muli ndi zaka 53, pumani muli ndi zaka 53, ndipo musalole mantha kukuwonjezerani chaka china, chifukwa ndaonapo anthu amene anali okonzeka kale koma ankangoti chaka chamawa, mpaka matenda kapena kuchepetsa antchito kunawasankhira tsiku. Zikapanda kukwanira pofika zaka 55, unikaninso kukula kwa ulimiwo. Mwina makadamiya ndi ng'ombe ziwiri ndi zimene malowo angakwanitse, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Luso lanu lowerengera ndalama musalisiye ku Blantyre. Makopaletivi, masukulu omwe si aboma, mipingo ndi mabizinesi ang'onoang'ono a ku Thyolo, Luchenza ndi Limbe amasowa munthu wowalembera mabuku ndi kuwakonzera mapepala a msonkho a ku MRA, ndipo makasitomala atatu kapena anayi otere angakupatseni ndalama ya mwezi ndi mwezi imene siidalira mvula. Ngati ndinu membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'Malawi, pitirizani kulipira umembala wanu ndipo mufunse zimene bungwelo limafuna kwa munthu wogwira ntchito payekha. Kuntchito musayambe kulengeza za ulendo wanu zinthu zisanapse, chifukwa munthu amene wadziwika kuti akuchoka saganiziridwanso pokweza malipiro, ndipo malipiro a zaka zomalizazi ndi amene akumanga penshoni yanu. Nthawi ikadzakwana, mudzapereke notisi monga mmene mgwirizano wanu wa ntchito ukunenera, mudzatsimikize kuti zosonkha zanu zonse za penshoni zinafika kuthumba, ndipo mudzafunse ngati kampaniyo ingakonde kumakuitanani masiku ochepa pamwezi pa nthawi yotseka mabuku.